Mmene Kanyumba ka a Nangondo Kanapezera Msika wa Kunja

Dziko la Zidzatheka lili pakati pa mapiri awiri ndi mtsinje umodzi, ndipo amene analiyendera amati kulibe kwina komwe kuli anthu oleza mtima ngati kumeneko. Likulu lake ndi Dikirani. Pa nthawi ya nkhani ino pampando panali Mfumu Sindilakwa, munthu wa thupi labwino ndi mawu okoma, amene sanali wankhanza ayi. Chilema chake chinali chimodzi chokha. Chinthu chabwino chikachitika m'dzikomo, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anachiganiza ndi iyeyo, kungoti anaiwala kuuza anthu.

Kuseri kwa msika waukulu wa Dikirani kunali shedi ya mayi wina wowotcherera zitsulo, dzina lake Felesiya Nangondo. Anthu ankangoti a Nangondo. Luso anatengera kwa bambo awo, pakamwa anatengera kwa mayi awo, ndipo zonse ziwiri zinali zakuthwa. Ankapanga mafelemu a mawindo, mageti ndi mabedi, mothandizana ndi kagulu ka amisiri amene ankawaopa ndi kuwakonda mofanana.

Chaka china mvula inagwetsa nyumba zambiri za zidina kumunsi kwa mzinda, kuphatikizapo ya mchemwali wawo. Mchemwaliyo anasamukira kwa a Nangondo ndi ana ake onse. Patapita milungu ingapo akuponda ana pabalaza m'mawa uliwonse, a Nangondo anatola zitsulo zotsala, matabwa ndi malata, n'kupanga kanyumba ka chipinda chimodzi ndi kakhonde kake. Kanali komanga ndi mabawuti. Munthu ankatha kukamasula m'mawa, kukakweza pa ngolo, madzulo n'kugonamo kudera lina. Mtengo wake unali woti mphunzitsi wa pulayimale atadzimana nyama miyezi ingapo akanatha kugula. Anthu otopa ndi malandilodi anakakonda pomwepo, chifukwa mwini malo akayamba matama, umangomasula nyumba yako n'kumutsanzika mwaulemu.

Zikanathera pamenepo bwenzi palibe nkhani. Koma a Nangondo ankakonda kutamidwa. Pa chionetsero cha zamalonda cha chaka chimenecho anapenta kanyumba kamodzi kobiriwira, n'kukaimika penipeni pomwe ankadziwa kuti Mfumu idutsa. Mfumu inaimadi. Inalowa, inagogoda khoma, inatsegula zenera, inakhala pakhonde n'kupempha madzi akumwa. Podzuka inauza atolankhani kuti loto lomwe inalota kalekale lakwaniritsidwa tsopano. A Nangondo anawomba m'manja kuposa wina aliyense.

M'mawa mwake wailesi ya Ufumu inalengeza lamulo. Kuyambira tsiku limenelo kanyumbako kazitchedwa Sindilakwa Wamng'ono, ndipo pachitseko cha kalikonse pazikhomedwa nkhope ya Mfumu yosindikiza pa lata. Komanso, popeza dziko linali ndi ludzu la ndalama zakunja, chinthu chapamwamba chotere sichinayenera kuwonongekera pa anthu a m'dziko momwemo. Ogula akhale akunja. Kugulitsa kanyumbako m'kati mwa Zidzatheka kunaletsedwa kufikira Mfumu itanenanso. Funso linangotsala limodzi, lakuti kunja kwake n'kuti, ndipo wailesiyo inati Bwalo la Nduna liunika nkhaniyo mwachangu.

Mumsika mawu akuti mwachangu anawalandira modekha. A Lifa, bambo wokonza maambulera pafupi ndi geti, anayamba kulangiza makasitomala awo kuti asataye maambulera akale, poti chaka chino ndiwo akhale denga. Nachisale, mayi wogulitsa makala amene nyumba yake inagwa nawo, anali atasesa kale malo oimikapo kanyumba kake. Iye anamvetsera chilengezocho mpaka kumapeto, kenako anafunsa anzake:

“Akuti n'za anthu akunja. Ine chigwereni nyumba ndimagona kunja. Tsono akunja enawo ndiye ati?”

Nduna za ku Zidzatheka siziganiza bwino zikakhala mu likulu, choncho Bwalo linakakumana ku hotela ya pamwamba pa phiri, komwe mphepo ndi yabwino ndipo nkhuku amaiwotcha bwino. Mayiko atatu ndiwo anatchulidwa. Loyamba linali Mchengawotcha, dziko la mafuta ndi dzuwa. Ili silinachedwe pa tebulo. Wina ananena kuti malata kumeneko akhoza kumuphika munthu ali moyo, koma chomwe chinaligwetsa kwenikweni n'chakuti kumeneko sagulitsa mowa, ndiye palibe nduna yomwe inadzipereka kukafufuza msika.

Lachiwiri linali Matalala, dziko lozizira la kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Amene ankalilimbikira anali a Ndadyakale, Nduna ya Zamalonda, amene ana awo ankaphunzira komweko ndipo anali atawasowa. Analankhula kuyambira tiyi wa m'mawa mpaka chakudya cha masana. Anati ndalama ya ku Matalala ndi yolemera, ukaiika m'thumba umayenda mopendekeka, pomwe ya mayiko oyandikana nawo ukaiponya m'mwamba siibwereranso pansi. Anati chinthu chikagulidwa ku Matalala, dziko lonse lapansi limachivulira chipewa.

Lachitatu linali Nafenso, dziko la kutsidya kwa mtsinje, lomwe munthu ataima pa mlatho amatha kuona nkhuku zake. Ameneli ankalilimbikira a Gawanani, Nduna ya Zamtengatenga, amene akazi awo anali ndi malole ambiri mosadziwika bwino. Iwo anati anthu a kumeneko mvula yawo ndi yomweyi, chiswe chomwechi, malandilodi omwewa, chilankhulo chomwechi, ndipo nyumba zawo zinagwa usiku womwe zinagwa za ku Dikirani. Ankalankhulira malole awo, koma zomwe ankanena zinali zoona, ndipo zimenezi zinawasowetsa mtendere eni akewo chifukwa sanazizolowere.

Vuto la Nafenso linali mfumu yake, Mfumu Ndinenso. Zaka zapitazo, pa ukwati wa mwana wa mfumu ina, a Ndinenso anapatsidwa mpando wotalikirapo kuposa wa a Sindilakwa, ndipo anakhalapo osadandaula. Chichokereni tsiku limenelo dzina la dzikolo silinkatchulidwa pamaso pa Mfumu. A Gawanani ankangoti “kujaku”, akuloza ndi mlomo.

Mfumu inamva mbali zonse, ndipo inagamula kuti mayiko onse awiri afufuzidwe mofanana. Ku Matalala kupite nthumwi pa ndege. Za kujaku, aliyense wofuna akhoza kukaima pa mlatho n'kuyang'ana.

Nthumwi za ku Matalala zinachuluka moti ndege inachita kudandaula. Munali nduna, alembi a nduna, onyamula zikwama za alembi, ndi mkulu wina amene mpaka lero palibe akudziwa kuti anali yani. Tsiku lonyamuka litayandikira, wina anakumbukira kuti pagulu lonselo panalibe wodziwa kugwira sipanala. Ndi mmene a Nangondo anapezera mpando, kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chimbudzi. Sanadandaule. Anasoketsa diresi yatsopano, ndipo anauza msika wonse kuti akupita kukaphunzitsa azungu kumanga.

Ku Matalala kunali chionetsero chachikulu cha zinthu za pakhomo. A Nangondo anamanga kanyumbako zala zitauma ndi chisanu, nduna zili m'masitolo kufufuza msika wa masuti. Anthu anabwera ambiri. Ankakazungulira, kukasisita, ena kugwada n'kusuzumira m'kati. A Nangondo anasangalala kuona anthu olemera chotere akugwadira ntchito ya manja awo.

Kenako kunabwera wamalonda wina wamtali, Bwana Holsiti, amene anali ndi masitolo m'mizinda yonse ya dzikolo. Kudzera mwa womasulira, anayamika kawotchereredwe ka zitsulo, ndipo anati akufuna tinyumba tambiri chaka chilichonse. Anangopempha kuti chitseko achifupikitse pang'ono. A Nangondo anadabwa, poti anthu a kumeneko ndi ataliatali, ndipo anafunsa ngati amakonda kulowa m'nyumba chowerama.

Womasulira anakhosomola kaye. Kenako anafotokoza kuti ku Matalala lamulo silola munthu kugona m'nyumba ya khoma lopyapyala chotere, poti akhoza kuuma ngati chinangwa. Koma agalu a kumeneko, amene ali ndi madokotala awoawo ndipo amawachitira phwando la tsiku lobadwa, amafuna kanyumba kopumiramo masana kudimba la maluwa, makamaka kokhala ndi khonde. Bwana Holsiti anawonjezera kuti nkhope ya pachitsekoyo isachotsedwe. Sankadziwa kuti ndi ya yani, koma anati ndi nkhope yofatsa, agalu aikonda.

A Nangondo anamva kutentha m'mutu koyamba chifikireni m'dziko lozizira lija. Anatsegula pakamwa kuti amuuze mzunguyo za ana a mchemwali wawo, za Nachisale, ndi za amawo a agalu akewo. Asanayambe, womasulira anatchula mtengo womwe Bwana Holsiti ankafuna kupereka pa kanyumba kamodzi. A Nangondo anatseka pakamwa, n'kukhala pansi pakhonde. Mtengo umenewo ukanawagulira makina atsopano, shedi ya njerwa, ndi galimoto yolembedwa dzina lawo m'mbali.

Madzulo ake anawafotokozera a Ndadyakale, amene anamvetsera akuyesa nsapato zatsopano.

“Mayi,” anatero a Ndadyakale, “kasitomala ndi kasitomala. Pa malonda sitiwerenga miyendo.”

“Nanga Mfumu mukaiuza chiyani, bwana?”

“Zoona zokhazokha. Kuti mabanja a ku Matalala akufuna tinyumbati kuti azikhazikamo okondedwa awo.”

Ndi mmene a Ndadyakale anakanenera atabwerera kumudzi, ndipo Mfumu inakondwa kwambiri. Inalamula kuti Bwana Holsiti aitanidwe ku Dikirani kudzasainira mgwirizano pamaso pa mtundu wonse. A Nangondo anali pomwepo pamene lipotilo linkaperekedwa. Sananame, koma sanakhosomolenso.

Masiku amenewo kumwamba kunali kutayamba kuda. M'shedi tinyumba tomasula tinali titaunjikana mpaka kudenga, todikira agalu, ndipo anthu odutsa ankatiyang'ana ngati mmene wanjala amayang'anira buledi wa m'galasi. Tsiku lina Nachisale anabwera kudzasiya makala, n'kufunsa ngati akunja aja anakakondadi kanyumbako. A Nangondo anati anakakonda kwambiri. Nachisale anafunsanso kuti ogonamowo amakhala ndi ana angati, poti chipinda n'chimodzi.

“Zimatengera,” anayankha a Nangondo akuyang'ana kumbali. “Ena amabereka asanu kapena asanu ndi mmodzi nthawi imodzi.”

Nachisale anagwira pakamwa. Kenako anati, “Ndiye ndi ovutika kuposa ife, amayi. Apatseni ndithu. Ife tizolowera.”

Anasenza dengu lake n'kumapita. A Nangondo anatsala ataima pakati pa shedi, ndipo amisiri awo amati tsiku limenelo sanakalipire munthu aliyense, zomwe zinawaopsa onse.

Kukauza Mfumu zoona maso ndi maso a Nangondo sakanatha. Ku Zidzatheka wonena kuti denga likudontha ndi amene amamuimba mlandu wa mvula. Komanso iwo eni anali atadya nawo nkhuku za ulendowo. Mwayi unabwera wokha pa foni. Womasulira uja anaimba kuchokera ku Matalala kufunsa za muyeso wa chitseko, ndipo pomaliza anadandaula kuti Bwana Holsiti ankafunitsitsa kubwera ndi galu wake kuti adzayese kanyumbako pa mwambo, koma a Ndadyakale akaniza kwamtuwagalu popanda kunena chifukwa.

A Nangondo anayang'ana makina awo akale owotcherera, omangidwa ndi waya ndi mphira. Anaganiza za galimoto yolembedwa dzina. Anapuma mozama.

“A Nduna ndi munthu wamanyazi chabe,” anatero. “Auzeni abwere naye. Mfumu yathu imakonda kuona kasitomala ndi maso ake.”

Tsiku la mwambo bwalo la kunyumba yachifumu linadzaza. Amayi ovina anavala zitenje zojambulidwa tinyumba, ana asukulu anaimitsidwa padzuwa kuti azigwedeza mbendera, ndipo bandi ya asilikali inalangizidwa kuti wokhalamo woyamba akangoponda pakhonde, iyambe nyimbo ya fuko. Pakati pa bwalo panaima Sindilakwa Wamng'ono wopentedwa mwatsopano, nkhope ya Mfumu ikunyezimira pachitseko.

Mfumu inalankhula mokoma. Inati anthu amene kale ankabwera kudzatiphunzitsa kumanga, lero abwera kudzapempha pogona. Inati aliyense wogona pansi pa nkhope yake ndi mwana wake, kaya ndi wa mtundu wanji, ndipo wokhalamo woyamba apatsidwa ulemu wokhala mzika ya Zidzatheka kwaulere. Kenako inanyamula kiyi womangidwa kansalu kofiira n'kuitana mlendoyo.

Bwana Holsiti anatsika m'galimoto, anawerama mwaulemu, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. Munatuluka galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wa ubweya wopesa bwino, atavala juzi. Anayenda mwaulemerero pa mkeka wofiira, ananunkhiza nsapato ya a Ndadyakale ngati mnzake wakale, n'kukwera pakhonde. Anazungulira, anayasamula, anagona pansi pa nkhope ya Mfumu.

Bandi inachita zomwe inalangizidwa. Nyimbo ya fuko ikayamba ku Zidzatheka palibe wololedwa kugwedezeka, choncho Mfumu, nduna, akazembe, mabishopu ndi mtundu wonse anaima njo, akuyang'ana galu, mpaka ndime zonse zinatha. Galuyo anamvetsera mwaulemu, kupatula pa ndime yomaliza pomwe anathandizako pang'ono.

Nyimbo itatha, Mfumu inafunsa motsitsa mawu kuti mwini nyumba ali kuti. Womasulira analoza pakhonde.

A Ndadyakale anayamba kufufuza kanthu m'matumba awo onse. Kumbuyo kwa khamu, a Lifa ananong'oneza a pafupi nawo kuti mzika yatsopanoyo yapeza nyumba tsiku lomwe yafika, pomwe iwo anabadwira momwemo.

Koma Mfumu Sindilakwa sinakhale pampando zaka zonsezo mwangozi. Inayang'ana kiyi, inayang'ana galu, kenako inabwerera pa maikolofoni ikumwetulira. Inauza mtundu kuti zonsezi inkazidziwa kuyambira pachiyambi. Inakonza mwambowu dala, inatero, kuti ione ngati pali nduna yomwe ingalolere kugulitsa nkhope ya Mfumu yake kwa agalu, ndipo tsopano yaona. Anthu anawomba m'manja, ena chifukwa cha nzeru za Mfumu, ambiri chifukwa anapeza pobisira kuseka.

A Ndadyakale analandira chilango chowawa. Anachotsedwa unduna n'kutumizidwa ku Matalala kukakhala kazembe, pafupi ndi sukulu ya ana awo. Analira mpaka pa bwalo la ndege. Bwana Holsiti anamwetsedwa tiyi n'kuperekezedwa, asakumvetsa chomwe chalakwika. Galu anakana kutsika pakhonde, ndiye kanyumba kameneko anangomupatsa galuyo, atazula kaye nkhope ya Mfumu. A Nangondo palibe anawafunsa kanthu. Anabwerera ku shedi wapansi, ndipo podutsa pa sitolo ya magalimoto anayang'ana mbali ina.

Panatsala msika umodzi wokha, uja wosatchulidwa dzina. A Gawanani anadikira kuti Mfumu idye kaye, kenako anailankhula mofatsa.

“Taganizani, Mwini Dziko. Anthu a kujaku akamadzuka m'mawa, nkhope yoyamba kuiona izikhala yanu. Mfumu yawo izidutsa m'midzi yake yomwe, inu mukuiyang'ana pa chitseko chilichonse.”

Mfumu inasiya kutafuna. Inati imeneyi ndiyo mfundo yomwe yakhala ikuyembekezera kuti wina aitulukire, ndipo inatchula dzina la Nafenso mokweza, koyamba chichitikireni ukwati uja.

Malole a akazi a a Gawanani ananyamula tinyumba tonse kuwolotsa mlatho. Koma Mfumu Ndinenso nayo inali ndi makutu. Inalamula kuti tinyumbato tilowe ndithu, poti anthu ake akutifuna, koma pa chipata nkhope izizulidwa, makoma azipakidwa penti wachikasu wa mbendera ya Nafenso, ndipo pachitseko pazidindidwa chidindo cha dzikolo. A Gawanani anaona kuti nkhani imeneyi si yofunika kuvutitsa nayo Mfumu yawo, imene inali ndi zambiri zoganiza.

Malonda anatsegulidwa pa msika wa kutsidya kwa mlatho, ndipo a Nangondo anapita okha kukaonetsa kamangidwe. Panalibe bandi. Anthu a ku Nafenso sanagwade. Ankagwedeza mizati mwamphamvu, kufunsa ngati chiswe chingadye matabwawo, kunenerera mtengo, kuchoka, kubweranso, kenako n'kugula. Mayi wina anawauza a Nangondo kuti khondelo ndi laling'ono, mphasa siikwana, ndipo a Nangondo anakangana naye mosangalala mpaka onse awiri anatopa. Phindu linali lochepa pa kanyumba kalikonse, koma pofika masana mulu unali utatsika.

Chakumasana komweko a Nangondo anayamba kuona nkhope zozidziwa pamzere. Kunali aphunzitsi a ku Dikirani, osoka nsapato, a Lifa ndi ambulera yawo, ndi Nachisale atavala chitenje cha ku tchalitchi. Lamulo linaletsa kugulitsa m'kati mwa Zidzatheka, koma silinanene kanthu za munthu amene wapita kukaona abale kutsidya n'kubwerako ndi katundu. Nachisale anapereka moni kwa a Nangondo ngati sakuwadziwa, anasankha kanyumba kake, n'kufunsa ngati mabanja obereka asanu ndi mmodzi aja anapeza pogona. A Nangondo anati mmodzi anapeza. Onse awiri anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Tinyumba tinayamba kubwerera kwawo pa ngolo, pa njinga ndi pa malole omwe aja, amene tsopano ankalipiritsa popita ndi pobwera. Mvula yoyamba itagwa, kumunsi kwa Dikirani kunali kutachita chikasu. Mvulayo inamupeza Nachisale atakhala pakhonde pake, makala ake ali pouma.

Mvula ili m'kati, Mfumu inatuluka kukayendera mzinda. Galimoto itafika kumunsi, inalamula dalaivala kuti aime. Inatsika, inayandikira kanyumba kamodzi kachikasu, inawerenga chidindo cha Nafenso, ndipo nkhope yake inagwa. Inalowa, inaona mmene zitsulo zalumikizidwira, inaona kuti m'kati simukudontha ngakhale pang'ono. Inafunsa mwini wake komwe anakagula, ndipo iye anayankha zoona, kuti kutsidya. Nduna zomwe zinali pambuyo zinapeza chidwi chachikulu pa mitambo.

Tsiku lomwelo a Nangondo anaitanidwa ku nyumba yachifumu. Anapeza kanyumba kamodzi kachikasu kataimikidwa pabwalo, Mfumu ikukazungulira manja ali kumbuyo.

“Mayi Nangondo, mwaona zomwe watichita Ndinenso? Ife tikumutumizira tinyumba, iye wadzaza mzinda wanga ndi take. Ndipo ndinene zoona, poti tili awiri, takewa ndi tabwino kuposa tathu. Taonani kawotchereredwe aka.”

A Nangondo anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anazindikira dzanja lawo lomwe, ngakhale pomwe ndodo yowotcherera inawathera n'kulumikiza ina. Anavomera kuti amene anawotcherera pamenepo ndi katswiri.

“Mungathe kupanga kofanana nako?”

“Ndiyesetsa, Mwini Dziko. Koma ngakhale nditakwanitsa, ndikagulitsa kwa yani? Lamulo limatiletsa kugulitsa kuno, ndiye anthu anu azingogula za Ndinenso.”

Mfumu inafunsa kuti lamulo lopusa chotero analikhazikitsa ndani. A Gawanani, amene anali atangotulukira chapafupi, anayankha mosachedwa kuti akukumbukira kuti anali a Ndadyakale.

Madzulo omwewo wailesi inalengeza nkhondo yolimbana ndi katundu wakunja. Mzika iliyonse yokonda dziko lake inalimbikitsidwa kugula kanyumba kopangidwa ku Zidzatheka konkuno, ndipo a Nangondo anapatsidwa chilolezo, malo okulirapo, ndi kanyumba kachikasu kaja kuti akakamasule n'kuphunzirapo nzeru za akunja. Anakakweza pa ngolo n'kupita nako ku shedi, komwe amisiri awo anakalandira mwaulemu woyenera mlendo wochokera kutali. Ku Nafenso malonda anapitirira monga kale, pansi pa penti wachikasu, ndipo mafumu awiriwo, aliyense kwawo, ankanyadira kuti akumugonjetsa mnzake.

Patapita mwezi Mfumu inabwera ku shedi kudzaona ngati ntchito yokopera yatheka. A Nangondo anaimika tinyumba tiwiri moyandikana, kachikasu ndi kobiriwira. Mfumu inagogoda aka, inagogoda ako, inabwerera m'mbuyo n'kupendeketsa mutu.

“Mwayesetsa, mayi,” inatero mokoma mtima. “Simunafikepo kwenikweni, koma mwayandikira.”

A Nangondo, amene moyo wawo wonse sanalolepo munthu kunyoza ntchito yawo, anayang'ana mzere wa ogula womwe unali utafika pa geti la msika. Anapinda maondo pang'ono, nathokoza, nalonjeza kuti apitiriza kuphunzira.